Lachitatu limene khoti linakana dandaulo lathu

Pa ofesi yathu ya maloya kuno ku America timaimira anthu ogula masheya amene amasumira makampani pamodzi ngati gulu. Lolemba ndi Lachiwiri ndinkawerenga malipoti a makampani opanga mankhwala, monga mwa nthawi zonse.

Chigamulo chinafika Lachitatu masana, ndipo woweruza anakana dandaulo lathu, ngakhale anatilola kulikonza n'kulibweretsanso. Kampani imene tikuisumira inkauza ogula masheya kuti mankhwala ake alibe vuto, chonsecho madokotala anali atailembera kale za odwala amene chiwindi chawo chinawonongeka. Maloya ake anadalira chigamulo cha Khoti Lalikulu la America pa mlandu wa Macquarie cha mu 2024, chonena kuti kungokhala chete si chinyengo pansi pa Rule 10b-5(b), lamulo loletsa kunamiza anthu pa malonda a masheya, koma woweruza anaona kuti akuluakulu a kampaniyo sanakhale chete, analankhula zoona zoduladula. Anavomerezanso kuti malipoti a madokotalawo ndi ofunika kwa wogula masheya, potsatira mlandu wa Matrixx wa mu 2011. Pa mlanduwo oweruza onse a Khoti Lalikulu anagwirizana kuti madandaulo a anthu amene anasiya kumva fungo atagwiritsa ntchito mankhwala a chimfine a Zicam sakanatayidwa pa chifukwa chokhacho chakuti chiwerengero chawo sichinakwane pa muyezo wa akatswiri a masamu.

Pamene tinagwera m'pa cholinga chonyenga. Lamulo la mu 1995 la Private Securities Litigation Reform Act limafuna kuti dandaulo lifotokoze mwatsatanetsatane mfundo zosonyeza mwamphamvu kuti akuluakulu a kampani ankadziwa kuti akusocheretsa anthu, ndipo chigamulo cha Tellabs cha mu 2007 chinati ganizo la chinyengolo lisachepe mphamvu poliyerekeza ndi malongosoledwe ena osonyeza kuti palibe chimene analakwa. Chondiwawa n'chakuti lamulo lomwelo limaimitsa kuitanitsa zikalata za kampani mpaka pempho la kampaniyo lothetsa mlandu litagamulidwa. Makalata osonyeza amene anawerenga malipoti a madokotala, ndi tsiku limene anawawerenga, ali m'makompyuta a kampaniyo, koma khoti likufuna kuti ifeyo tinene zimene zili m'menemo tisanaloledwe kuwaona.

Njira imene imatsala ndi kupeza anthu amene anagwirako ntchito kale, ndipo apa m'pamene ndikudandaulira mabwana athu. Iwo anachepetsa ofufuza pofuna kusunga ndalama, moti munthu mmodzi akusenza milandu yonse ya mankhwala, ndipo dandaulo lathu linapita kukhoti lili ndi mboni zimene sizinakhalepo m'misonkhano ya akuluakulu a kampani. Woweruza anachiona chimenechi, ndipo sindikumuimba mlandu.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinkaimba ndekha mafoni, ntchito imene si yanga. Ambiri anakana kulankhula chifukwa anasaina mapangano osunga chinsinsi pochoka ntchito, ndipo lamulo la SEC, bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya, limene limateteza oulula chinyengo limawateteza akamalankhula ndi bungwelo, osati ndi ife. Ndalembera mabwana kuti abwezere ofufuza nthawi imene khoti latipatsa isanathe, koma pofika Lachisanu madzulo anali asanayankhe.