Zikomo nonse, thabwa lija ndamaliza

Pulojekiti yanga ya Woodwork ndamaliza, thabwa lodulirapo nyama ndi ndiwo zamasamba, ndipo ndisanayambe kulionetsa kwa anthu ndati ndithokoze kaye amene anandigwira dzanja.

Ndiyambe ndi inu aphunzitsi. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kwathu kuno ku Mulanje zinthu sizinabwerere mwakale. Madzi anatikokolera munda ndi mbali ina ya nyumba, mpaka lero ndalama iliyonse ikapezeka imapita kokonza. Ya matabwa inalibe pochokera. Simunandibweze. Munangoti, pita ukatole zidutswa kwa akalipentala, thabwa la mtundu uwu limafuna zidutswa zomwezo.

Bambo kalipentala a pa Chitakale, Mulungu akudalitseni. Munasiya ntchito yanu n'kuyamba kundisankhira nokha zidutswa za mbawa ndi mlombwa, zouma bwino, chifukwa thabwa laliwisi likamauma limapindika n'kung'ambika pomwe pali guluu. Munakana ngakhale ya fanta.

Amene simunaonepo, ntchito yake ndi iyi. Umacheka timatabwa titalitali, kupala, kumata ndi guluu wosalowa madzi. Zikauma umadulanso chopingasa, kenako chidutswa chilichonse umachiimika kuti kumapeto kwa mtengo kuyang'ane kumwamba, n'kumatanso kachiwiri. Mitsempha ya mtengo imaima ngati mtolo wa udzu, ndiye mpeni umalowa pakati pake m'malo moidula. N'chifukwa chake mpeni subuntha msanga, thabwanso silidzadza mabala. Kufiira kwa mbawa kukasinthana ndi mlombwa, pamwamba pamatuluka timabokosi tokongola kwabasi.

Zopanira m'kalasi ndi zochepa, timachita kudikirana. Amalume, mphira za machubu akale a njinga yanu ya kabaza ndi zimene zinagwira ntchito, ndinakulunga mwamphamvu mpaka guluu kutuluka m'mizere monse. Zikomo.

Povuta panali popala. Puleni ikafika kumapeto imathyola m'mphepete, ndipo mtima unkandipweteka kuona ngodya ikubenthuka. Aphunzitsi munatsalira nane anzanga ataweruka, kundinoletsa mpeni wa puleni pamwala mpaka kumeta ubweya wa pamkono, n'kundionetsa kupala kuchokera m'mbali kulowera pakati. Kenako sandipepa, wokhakhala poyamba, wosalala pomaliza, zala kuchita kutentha.

Ndikuthokozeninso pa nkhani ya mkungudza. Wina atabweretsa chidutswa chake, munakana kuti chilowe m'kalasi. Uja ndi mtengo wa fuko lathu, kwawo ndi pa phiri lathu lomweli, ndipo udatsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba. Ine ndikugwirizana nanu, fungo lake labwino lija si chifukwa choti tiumalize.

Agogo a ku Likhubula, phula la njuchi zanu ndinalisungunula n'kusakaniza ndi liquid paraffin wa ku famase, osati palafini wa nyale ayi. Mafuta ophikira sayenera, amadzanunkha m'kati mwa thabwa. Linamwa mafutawo kangapo lisanakhute, mtundu wake n'kuderako bwino.

Amayi, thabwali ndi lanu. Chonde musamaliviike m'beseni kapena kulisiya padzuwa, kungolitsuka, kupukuta n'kuliimika.

Anzanga a kalasi ya m'munsi ayamba yawo teremu ikubwerayi, ndipo ambiri matabwa alibe. Akalipentala a pa boma, pa Chitakale ndi ku Limbuli, zidutswa zouma zija musasonkhezere moto, tisungireni tidzabwera kudzatenga.