Mankhwala a dokotala akamatsatsidwa ngati sopo

Aliyense amene anaonerapo mapologalamu a wailesi za kanema za ku America, ngakhale kudzera pa foni, anaona kuti pakati pa nkhani pamabwera chithunzi cha agogo akuseka ndi zidzukulu zawo, dzina la mankhwala likuonekera pansi, kenaka mawu akuti mukafunse dokotala wanu ngati mankhwalawo angakuthandizeni. Zovuta zimene mankhwalawo angabweretse m'thupi zimatchulidwa ndithu, chifukwa lamulo limatero, koma amazitchula nyimbo yokoma ikulira ndipo agogo aja akusekabe.

Pa dziko lonse lapansi, maiko awiri okha, America ndi New Zealand, ndiwo amalola makampani kutsatsa mwa njira imeneyi mankhwala amene munthu sayenera kumwa popanda kulemberedwa ndi dokotala. Ku America khomo linatseguka kwambiri mu 1997, pamene FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala kumeneko, linafewetsa malamulo a zotsatsa za pa wailesi. Ndalama zotsatsira mankhwala otere zinakwera kuchoka pa madola 1.3 biliyoni mu 1997 kufika pa 6 biliyoni mu 2016. Kampani siingatulutse chuma chotere ikanakhala kuti sichibwerera, ndipo chimabwerera kudzera mwa wodwala amene amalowa m'chipinda cha dokotala atasankha kale mankhwala ake. Vioxx, mankhwala a nyamakazi a kampani ya Merck, anatsatsidwa kwambiri pa kanema, anthu mamiliyoni anawamwa, ndipo mu 2004 anachotsedwa pa msika zitadziwika kuti amawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Mu 2015 bungwe la madokotala la American Medical Association linapempha kuti kutsatsa kotere kuletsedwe, koma kukupitirirabe.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za kutali, popeza Malawi sali m'gulu la maiko awiriwo. Ine ndikuona kuti ife a kuno ku Ntcheu tiyenera kuda nkhawa kuposa anthu a ku America. Mawu aja akuti mukafunse dokotala amatanthauza kuti pakati pa wodwala ndi mankhwala pali munthu wophunzira amene angathe kukana. Kwathu kuno munthu ameneyo nthawi zambiri sapezeka. Tsiku la msika, m'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'misika ya m'malire ndi Mozambique, makapisozi a amoxicillin ndi mapiritsi a Bactrim, omwe ndi mankhwala opha mabakiteriya, amapezeka pa benchi ndi mu okala, ndipo wogulitsa safunsa buku la kuchipatala. Amangofunsa kuti, "Mukufuna angati, mayi?" Wogula amatenga anayi kapena asanu, monga mwa ndalama zimene zatsala atagula tomato ndi mchere, namwa masiku awiri, thupi likapepuka nkusiya. Sindikuwadzudzula anthu otere, pakuti ambiri amayamba apita kuchipatala, kuima pa mzere m'mawa wonse, nkuuzidwa kuti mankhwala atha akagule okha.

Zotsatira za mankhwala amene tizilombo tawazolowera tinaziona kale. Mu 1993 Malawi anasiya kolokwini nayamba Fansida chifukwa malungo anali atasiya kumva mankhwalawo, ndipo mu 2007 Fansida nayenso analowedwa m'malo ndi LA. Kumwa mankhwala opha mabakiteriya mosamaliza kukutitengera njira yomweyo, ndipo mankhwala olowa m'malo amakhala odula.

Tsopano taganizani kuti pamwamba pa zonsezi pabwere zotsatsa zopangidwa mwaluso, zophunzitsa anthu maina a mankhwala a shuga ndi a BP. Mphamvu ya kutsatsa tikuidziwa kale, chifukwa pa wailesi ndi pa Facebook timamva za mankhwala azitsamba amene akuti botolo limodzi limachiza shuga, BP ndi zilonda za m'mimba nthawi imodzi, ndipo alipo odwala amene amasiya mankhwala a kuchipatala atamva zimenezi.

Bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno. Ndikufuna kuti lisadzalole konse mchitidwe wa ku America, ndiponso kuti eni mawailesi azifunsa chilolezo cha bungweli asanalandire ndalama ya munthu aliyense wofuna kutsatsa chinthu chimene akuti chimachiza matenda.