Kalata ya chikondi yomwe inandiyalutsa kwa apongozi

Dzanja langa ndi loipa chibadwire. Aphunzitsi anga a Sitandade 5 ankati kope langa limaoneka ngati papalasa nkhuku. Ndiye tsiku lina tili m'minibasi yochokera ku Limbe, bwenzi langa linangoti, "Bambo anafunsira mayi pakalata, ndipo mpaka lero ili m'sutikesi. Koma iwe ndi timitima ta pa WhatsApp basi." Ndinaseka, koma m'mimba munatentha.

Mnzanga wina wodziwa za kompyuta ndiye anandionetsa njira yachidule. Pa intaneti pali tsamba lotchedwa Calligraphr. Umasindikiza pepala la timabokosi, n'kulemba chilembo chimodzi m'kabokosi kalikonse ndi cholembera chakuda, n'kulijambula. Iwo amasandutsa zilembozo kukhala fonti. Ukaiika pa kompyuta, chilichonse chomwe wataipa mu Word chimatuluka ngati chalembedwa pamanja. Vuto linali loti fonti ya dzanja langa ikanangochulukitsa nkhuku zija. Choncho ndinapita kwa achemwali anga, amene amalemba mokongola ngati pa satifiketi, n'kuwanamiza kuti ndi ntchito ya kusukulu. Anandidzazira timabokosi tonse pamtengo wa Fanta mmodzi.

Usiku umenewo ndinalemba ngati wandakatulo. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, n'kuyeza mizere yake ndi rula, mamilimita 8, kenako n'kukankhakankha mawu mu Word mpaka atakhala bwinobwino pamzere. Mawa lake kosindikizira makina anatafuna mapepala atatu, mnyamata wa pamenepo akundiyang'ana ngati ndabwera kudzamulodza. Pepala lachinayi linatuluka bwino, zilembo zabuluu ngati za Bic. Ndinalipindapinda, n'kudonthezerapo tiyi pang'ono kuti lioneke kuti linavutikiridwa.

Loweruka ndinaitanidwa ku Ndirande. Ndinavala malaya oyera, ndikuganiza kuti nkhuku yaphedwa.

Ndinapeza kalata yanga ili patebulo, bwenzi langa lili pakona maso ali psuu.

"Dzanja ili ndi la mkazi," linatero. "Ndi ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi ake analowa atavala magalasi. Apa n'kuti nditaiwaliratu kuti mayiwa anapuma pa ntchito yauphunzitsi. Anakhala pansi mosapupuluma, n'kutembenuza kalatayo, n'kusisita kumbuyo kwake ndi chala.

"Bambo, cholembera chimasiya mabande kuseri kwa pepala. Chanuchi chimayenda m'malere?"

Ndinati ndimalemba mopepuza, mayi.

"Chabwino. Nanga ma a awa? Ndawerenga mpaka 40, onse ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Ine ndachonga makope moyo wanga wonse, sindinaonepo munthu wolemba a wofanana kawiri."

Thukuta linayamba kutsika ndi msana. Koma chimene chinandimaliza ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe ndi m'mudzi. Pa timabokosi tija ndinali nditakaiwala, ndiye kompyuta, posakapeza mu fonti ya achemwali, inangobwereka ka fonti ina. Paliponse pomwe ndinalemba kuti "m'mtima mwanga" kapena "n'kukukonda" panali kachizindikiro konenepa, kowongoka, ka m'nyuzipepala. Ndipo Chichewa chathuchi, inu, nkhodolero ndiye ndiwo zake. Mayi anali atazizunguliza zonse ndi cholembera chofiira.

Ndinaulula zonse, mpaka za Fanta. Bwenzi langa linaimbira achemwali pomwepo, foni ili pa sipika. Achemwali anaseka mpaka kutsamwa, kenako anati mtengo wakwera, tsopano ndi kireti yonse.

Mayi sanaseke. Anatulutsa kope latsopano ndi cholembera, n'kundikankhira. "Lembani chiganizo choyamba chija, tione."

Ndinalemba, lilime lili panja. Anatenga kopelo, analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, kenako analitembenuza chadodolido kuti mwina liwerengeka.

"Apa mwati mumamukonda mwana wanga, kapena mukumuitanitsa ngongole?"

Nsima tinadya ndithu, ya ndiwo za nyemba. Potsanzikana anandipatsa kope lija kuti ndipite nalo: masamba awiri a chilembo a, awiri a g, ndipo ndikaonetse Loweruka likubwerali isanakwane 10 koloko. Panopa ndili patsamba lachitatu.