Mmene ndinapatsira object imodzi method yakeyake mu Ruby

Mu Ruby, chinenero cholembera mapulogalamu, ndinali ndi class (chikombole chopangira ma object) ya Printer, ndipo pulogalamu yanga inkapanga ma object ambiri kuchokera mmenemo. Poyesa pulogalamuyo ndinkafuna printer imodzi yokha izikana kusindikiza, kuti ndione ngati uthenga wonena za vutolo ukufika kwa munthu. Kusintha class yonse kukanasokoneza ena onse, ndipo kupanga subclass (class yatsopano yotengera kwa Printer) chifukwa cha kanthu kamodzi kotere ndinaona kuti n'kudzichulukitsira ntchito.

Ndinalemba motere:

woyesa = Printer.new
def woyesa.sindikiza(tsamba)
  raise "inki yatha"
end

Dzina la object, kadontho, kenako dzina la method, ntchito imene object imagwira. Basi. Woyesa anakana kusindikiza, anzake n'kumapitiriza ntchito ngati kale. Imeneyi mu Ruby amaitcha singleton method.

Mtima unakhala pansi nditadziwa komwe method yotere imakhala. Ruby imaipangira object imeneyo class yakeyake yobisika, singleton class, ndipo ikamafunafuna method imayamba kusuzumira mmenemo isanafike ku Printer. N'chifukwa chake method yanga inangophimba yakale ija osaifafaniza, moti ndikaika super (liwu loitana method yophimbidwayo) mkati mwake, ya Printer imagwirabe ntchito. Apa ndi pomwe ndinazindikiranso kuti def self.chakuti, imene ndakhala ndikulemba kwa zaka, ndi chinthu chomwechi, pakuti class nayonso ndi object.

Pomwe ndinavutika kwambiri ndi pa dup, method yokopera object. Ndinafuna woyesa wachiwiri, ndinalemba woyesa.dup, koma kopelo linasindikiza bwinobwino ngati sindinasinthepo kanthu. Ola lathunthu linatha ndikukayikira mayeso anga. Kenako ndinaitana singleton_methods pa onse awiri: woyamba anabweza [:sindikiza], wachiwiri anabweza chopanda kanthu. Nkhani yake ndi yakuti dup satenga singleton class, amene amatenga ndi clone. Nditasintha liwu limodzi lomwelo, zinayenda.

Pa nambala ngati 5 kapena pa symbol musavutike n'kuyesa, Ruby imakana ndi TypeError. Marshal.dump, yosandutsa object kukhala ma byte oti asungidwe, nayonso imakana object yokhala ndi singleton method.

Chotsala chinali kuwerenga kuti woyesa waitanidwa kangati. Mkati mwa def simuoneka variable ya kunja, choncho ndinatenga define_singleton_method, imene imalandira block (mizere ya pakati pa do ndi end), momwe variable ya kunja imaoneka:

kangati = 0
woyesa.define_singleton_method(:sindikiza) do |tsamba|
  kangati += 1
  raise "inki yatha"
end

Mizere imeneyi ndinaisiya mu fayilo ya mayeso mokha, chifukwa mnzanga wowerenga class ya Printer sangaione kuti ilipo.