Makope a aphunzitsi ku Linga

Lachiwiri. Ndalawira m'mamawa chifukwa aphunzitsi anandichenjeza dzulo kuti tikachedwa tikapeza gogo atapita kudimba. Aphunzitsiwa anapuma pantchito kalekale, koma kuno ku Nkhotakota ndani sawadziwa ndi chikwama chawo chakuda chodzaza makope? Zaka zonsezi akhala akulemba mbiri ya Linga, dera lakale la kuno ku Nkhotakota, monga ikutulukira pakamwa pa achikulire.

Tadutsa pa mkuyu uja wa ku mishoni ya St Anne's. Anaima, n'kugwira tsinde lake. "Mwanawe," anatero, "zoti Livingstone anafika kuno mu 1861 mwana aliyense wa sukulu amaziloweza. Jumbe Salim bin Abdullah, wogulitsa akapolo uja, ali m'mabuku. Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja mu 1895, manda ake alipo ku tchalitchi cha All Saints. Nanga aja ankawalonga m'zombo kuwaolotsa nyanja ulendo wa ku Kilwa, mayina awo ali kuti?"

Ndinasowa choyankha.

Gogo tawapeza akupeta mpunga pakhonde. Anatiyalira mphasa, koma nkhani anayamba kuizungulira: za mvula, za mwera, za kukwera mtengo kwa usipa. Ine mtima unali m'mwamba. Aphunzitsi phee, kope lili chitsekere pamwendo. Patapita nthawi gogo anaika lichero pansi, n'kutchula dzina la agogo a amayi awo. Akuti anagwidwa ali mtsikana kumapiri a ku Ntchisi akutunga madzi, ndipo sanaoloke nyanja chifukwa mmodzi wa anthu a Jumbe anawasandutsa mkazi wake. Mpaka imfa yawo ankayimba nyimbo yakwawo posinja. Gogo anayimbako mizere iwiri, mawu akunjenjemera.

Apo m'pamene aphunzitsi anatsegula kope. Amalemba ndi pensulo, kenako amawerenga mokweza kuti mwini nkhani akonze. Gogo anawakonza pa mfunda: "Iyayi aphunzitsi, sanali Naphiri, anali Nabanda." Anafufuta, nalembanso.

Chandiwawa ndi chimene ndaona titabwerera kwawo. Makope awiri akale chiswe chadya m'mbali monse, ndipo ena mwa amene anafotokoza nkhanizo anatisiya kale. Ndawapempha kuti ndizijambula masamba ndi foni yanga. Ndajambula masamba 43, batire n'kutha.

Mawa ndibwereranso nditatchaja. Ndiwatengeranso ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro ija, makope asamakhalenso pansi pa bedi.