Mphatso za Magulu Opembedza Sarapis pa Chilumba cha Delos

Mtima wanga tsopano wakhala m'malo pa nkhani ya magulu achipembedzo a Agiriki amene ankapereka mphatso m'akachisi a Sarapis ndi Isis, milungu yochokera ku Egypt, pa chilumba cha Delos ku Greece. Sinditaya nthawi kufotokoza kuti Sarapis anali yani, kapena chifukwa chimene mafumu a banja la Ptolemy, amene ankalamulira Egypt, ankamukondera, poti m'kalasi mwathu zimenezo tinazidutsa kale. Chimene chandimasula ndi mfundo imodzi yokha: gulu likalemba dzina lake pa benchi, pa guwa kapena pa chipilala, silinkangothokoza mulungu, koma linkadzipezeranso malo mkati mwa kachisi amene magulu ena ankamugwiritsanso ntchito.

Pa Delos panali akachisi atatu a Sarapis, amene akatswiri ofukula zakale anawatcha Sarapieion A, B ndi C. Mbiri ya kachisi A inalembedwa pa kachipilala chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 BC. Wansembe Apollonios akusimba pamenepo kuti agogo ake, amenenso dzina lawo linali Apollonios, anachokera ku Memphis, mzinda wa ku Egypt, atanyamula mulungu wawo, ndipo kwa mibadwo iwiri banjalo linkamupembedzera m'nyumba ya lendi. Kenaka mulunguyo anamuuza mdzukuluyo m'maloto kuti sakufunanso kukhala m'nyumba ya eni, namulozera malo odzaza ndi ndowe amene anali atalengezedwa kuti akugulitsidwa. Kachisi anamangidwa m'miyezi isanu ndi umodzi, anthu ena anamusumira Apollonios mlandu, ndipo iye anapambana. Nkhaniyi ndinkaidziwa, koma inandilowa m'mutu pamene ndinaiika pambali pa mwala wina waung'ono wa m'kachisi yemweyo, umene wansembeyo pamodzi ndi ena mwa a therapeutai (kutanthauza atumiki a mulungu) amene anasonkha ndalama anaupereka kwa Nike, mulungu wamkazi wa chipambano. Anthu amene anasonkha ndalama zija ankasiya umboni wakuti pa nthawi ya mlandu anaima ndi kachisiyo, ndiponso kuti kuyambira pamenepo palibe amene akanawatenga ngati alendo pamalopo.

Kachisi B ndiye amaionetsa bwino mfundoyi, chifukwa m'malo aang'ono amenewo mumapezeka mayina a magulu angapo: a therapeutai, a melanephoroi amene ankavala zakuda, a Sarapiastai, a enatistai amene ankasonkhana tsiku lachisanu ndi chinayi la mwezi, ndi a dekadistai a tsiku lakhumi. Magulu onsewa ankapembedza milungu yomweyo, Sarapis, Isis ndi Anubis, ndipo pali mwala umene magulu atatu oyambawo akutchulidwapo limodzi akulemekeza munthu mmodzi. Choncho sitinganene kuti ankasiyana chikhulupiriro. Ankasiyana masiku osonkhana, zovala, atsogoleri ndi thumba la ndalama, ndipo pamene anthu osiyana motere akulowa pa khomo limodzi, gulu lililonse limafuna chinthu chooneka chotsimikizira kuti nalonso lili ndi mbali. Zikufanana ndi mpingo umene gulu la amayi lagula mabenchi, a kwaya nagula nsalu ya paguwa, aliyense nalembapo dzina lake. Benchi la mwala lolembedwa dzina ndi mphatso kwa mulungu, koma ndi pokhalanso, ndipo amene adzakhalapo pa tsiku la phwando amadziwika.

Njira imene inanditsegula maso ndi yojambula mapu a kachisi, n'kuika cholembedwa chilichonse pamalo pamene chinapezeka, m'malo mochiwerenga m'ndandanda wa manambala monga zimasindikizidwira. Ndikukhulupirira kuti njira imeneyi imaposa zina zonse, ndipo wophunzira amene sanaiyese amangoona mayina popanda kuona anthu. Ndikudziwa kuti miyala ina inasunthidwa, makamaka chilumbachi chitasakazidwa ndi asilikali a Mithridates, mfumu ya ku Pontus, mu 88 BC ndiponso ndi achifwamba a panyanja mu 69 BC, ndipo ina inatengedwa n'kumangira makoma ena. Komabe ngakhale mapu osakwanira amandiuza zambiri kuposa ndandanda wokwanira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera pafupifupi teremu yonse pa funso lakuti kodi mafumu a banja la Ptolemy a ku Alexandria ndiwo anafalitsa dala chipembedzo cha Sarapis, ndipo za maguluwa anangozikhudza m'phunziro lomaliza, mayeso atayandikira kale. Chonsecho yankho la funso lawolo lili m'miyala yomweyi. Ku Athens, chigamulo cha mu 333 BC chololeza amalonda a ku Kition, mzinda wa pa chilumba cha Cyprus, kugula malo omangapo kachisi wa Aphrodite chimatchula kuti anthu a ku Egypt anali atamanga kale kachisi wa Isis, ndipo nthawi imeneyo ufumu wa Ptolemy unali usanayambe. Milunguyi inkayenda ndi amalonda, ansembe ndi mabanja, ndipo magulu ndiwo ankaisamalira boma lisanaitengere m'manja.

Boma litaitengera m'manja, mphatso nazonso zinasintha kalankhulidwe. Aroma atapereka Delos kwa Athens cha m'ma 167 BC, kachisi C, amene anali wamkulu pa onse atatu, ankayang'aniridwa ndi wansembe wa ku Athens wosankhidwa chaka ndi chaka, ndipo mphatso zambiri zinayamba kunena kuti zaperekedwa m'malo mwa anthu a ku Athens ndi anthu a ku Rome. A melanephoroi ndi a therapeutai akupezekabe m'kachisi ameneyu, koma tsopano dzina lawo likuima pambali pa mayina a olamulira. Kachisi A anatsala m'manja mwa eni ake, ndipo pamene akuluakulu atsopano anafuna kumutseka, Demetrios wina anakadandaula ku nyumba ya malamulo ya ku Rome, imene inamuloleza kupitiriza kutumikira monga kale.

Pali pamene mfundo yangayi ikundivutabe. Ngati a therapeutai anali gulu lokhazikika, lokhala ndi malamulo ndi msungichuma, ndiye kuti mphatso zawo zikuwerengeka monga ndafotokozera. Koma akatswiri ena amaona kuti dzinali nthawi zina linkangotanthauza opembedza onse amene ankabwera kawirikawiri, ndipo ngati zili choncho, amene ankadzipezera malo sanali gulu lopikisana ndi magulu ena, koma khamu lonse la m'kachisi. Mapu anga amandionetsa pamene dzinali linalembedwa, koma sanandithandizebe kusankha pakati pa ziwirizi, ndipo mwina a therapeutai a m'kachisi A ndi a m'kachisi C sanali anthu a mtundu umodzi.