Olemba mbiri ya madera a Joni, ndi dzina lathu limene mulibe

Chaka chino m'maphunziro anga a mbiri tinapatsidwa ntchito yosankha dera limodzi la mzinda, kupeza amene analemba za deralo, ndi kufufuza kumene anazitenga nkhani zawo. Ine ndimakhala ku Rosettenville, kum'mwera kwa Johannesburg, ndiye ndinayambira pakhomo pomwe. Ntchitoyi yandidziwitsa mtundu wa olemba amene sitiwamva kawirikawiri: anthu amene anakhazikika m'dera limodzi, nkuyamba kufunsa kuti msewu uwu ndi dzina la yani, tchalitchi ichi anamanga ndani, ndipo amene ankagona m'nyumba izi analowera kuti.

Woyamba kundigwira mtima anali mayi Anna Smith, amene anali mkulu wa laibulale ya mzinda uno. Mu 1971 anatulutsa buku lotchedwa Johannesburg Street Names. Mulibe nthano m'menemo, ndi mndandanda wa misewu ndi chiyambi cha mayina ake basi. Koma ukalitsata mofatsa umayamba kuona mmene mzinda unagawidwira golide atapezeka mu 1886. Amene anagula minda ndiwo ankatcha mayina. Herman Tobiansky anatcha Sophiatown dzina la mkazi wake Sophia, misewu nkuipatsa mayina a ana ake monga Toby, Gerty ndi Bertha. Alexandra ndi dzina la mkazi wa Herbert Papenfus. Rosettenville yathuyi inachokera kwa Leo Rosettenstein. Ntchito ya mayiyu ndi yotopetsa, yosapatsa ulemu msanga, koma aliyense wolemba za Joni pambuyo pake amapondapo.

Pa Sophiatown mpamene ndinakhalitsa. Wansembe wa Anglican, Trevor Huddleston, anatumikira kumeneko ndipo analemba zimene anaona mu 1956. Don Mattera anakulira m'misewu yomweyo, anatsogolerapo gulu la anyamata ovuta, ndipo buku lake la Memory is the Weapon linatuluka mu 1987. Mphunzitsi wathu anatiuza kuti tiwerenge mabuku otere pambali pa zikalata za boma la nthawi imeneyo. Boma linkati likuchotsa malo auve ndi othithikana. Okhalamo akuti ayi, vuto linali lakuti Sophiatown anali amodzi mwa malo ochepa kumene munthu wakuda ankatha kugula malo nkukhala ndi chikalata chake cha umwini, pafupi ndi mzinda wa azungu. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 anafika m'mamawa, anthu nkuyamba kututidwa pa malole kupita ku Meadowlands. Nyumba zinagumulidwa, pamalopo anamangira azungu, dera nkulitcha Triomf. Dzina lakale linabwerera mu 2006. Nyumba ya Dr A.B. Xuma, amene anakhalapo mtsogoleri wa chipani cha ANC, mu Toby Street ndi imodzi mwa zochepa zimene zinatsala. Chikalata cha boma chimakupatsa tsiku ndi chiwerengero, koma amene amakuuza kuti kunagwa mvula tsiku limenelo ndi amene ananyowa nayo.

Za Fietas, ku Pageview, analemba Nazir Carrim. Ambiri a ife timagula kapena kugwira ntchito ku Oriental Plaza ku Fordsburg osadziwa kuti amalonda achimwenye anakankhidwira kumeneko atachotsedwa mu 14th Street, pamene mabanja awo anatumizidwa ku Lenasia chifukwa cha lamulo la Group Areas la 1950, logawa madera okhala potengera mtundu wa anthu.

Buku la Philip Bonner ndi Noor Nieftagodien lonena za Alexandra, la 2008, ndi la akatswiri a ku yunivesite ya Wits, koma mphamvu yake ili m'mawu a anthu okhala m'deralo amene anawafunsa. Gulu la History Workshop la pa yunivesiteyi, limene linayamba mu 1977, linkalimbikira zoti mbiri ilembedwe kuchokera kwa anthu wamba. Ndi mmene timamvera za 1957, pamene mtengo wa basi unakwera ndi peni imodzi yokha, anthu nkunyanyala, nkumayenda wapansi kupita ku tauni ndi kubwerako kwa miyezi itatu.

Dera lathu nalo lili ndi zake. Sukulu ya St Peter's, kumene Oliver Tambo anaphunzira ndi kuphunzitsa, ndiponso kumene Hugh Masekela analandira lipenga lake loyamba kwa Huddleston, inali konkuno, ndipo inatsekedwa mu 1956 chifukwa cha maphunziro atsankho a anthu akuda otchedwa Bantu Education. Kenako kunadzaza Apwitikizi, ndipo Nando's yoyamba inatsegulidwa kuno mu 1987. Lero m'misewu imeneyi mumamveka Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka tsiku lililonse.

Apa mpamene mtima wanga unayamba kuwawa. M'mabuku a madera amene ndawerenga, ife Amalawi timapezekamo mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ngati chiwerengero. Chonsecho takhala tikubwera kuno kwa zaka zoposa 100. Mu 1913 boma linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwathuku chifukwa ankafa ambiri ndi chibayo, koma anthu sanasiye kubwera paokha, wapansi, kudutsa Rhodesia. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ku migodi, itayambiranso kulemba, chiwerengero chinakwera mpaka kupitirira 100,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha abale athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu anaimitsa ulendo wa ku migodi. Theba, imene inalowa m'malo mwa Wenela, inadzayambiranso, mpaka mu 1988 pamene mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV unathetsa zonse.

Mayina amene amatchulidwa ndi awiri. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 nkudzasamutsira likulu lake kuno, ndi Kamuzu yemweyo, amene anagwirapo ntchito pa mgodi ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Nanga ophika, atelala, ogwira m'minda ya maluwa? Nyumba zazikulu za ku Parktown timadziwa kuti zina anajambula ndi Herbert Baker, timadziwa mwini wake woyamba ndi chaka chimene anamanga. Amene ankadzuka mbandakucha kukoleza moto m'khitchini, ndipo ena mwa iwo anali ochokera kwathu, sitiwadziwa. Sindikuwada olembawo. Aliyense analemba za anthu amene ankadya nawo ndi kuyenda nawo maliro, ndipo nchifukwa chake mabuku awo ali ndi moyo. Athuwo analibe wowalembera.

Choncho gawo lachiwiri la ntchito yanga ndalitembenuzira kwa matchona. Kutchalitchi kwathu kuli agogo ena amene anabwera pa Wenela ali mnyamata, nkukwatira konkuno, osabwereranso. Nditawapempha kuti ndiwajambule mawu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mdzukulu wanga, zimenezi adzawerenge ndani?" Ndinati, "Agogo, adzukulu anu amene Chichewa sachimva aja." Anavomera, ndipo anatulutsa kabuku kawo ka ku mgodi kamene amakasunga m'pepala la pulasitiki.

Kufunsa okalamba kuli ndi luso lake limene ndikuliphunzira pang'onopang'ono. Zaka zimawasokonekera, koma zochitika sizisokonekera. Ukafunsa kuti munabwera chaka chanji, yankho limasinthasintha. Ukafunsa kuti ndege ija isanagwe kapena itagwa, amayankha mosakaika, ndipo iwe umapeza poimika nkhani yonse. Vuto lina ndi mantha. Ziwawa zothamangitsa alendo za mu May 2008 zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Munthu amene anaziona, kapena amene mapepala ake sali bwino, sangakondwe kuona mnzake akulemba dzina lake ndi nambala ya nyumba. Olemba za Parktown vuto limeneli sakumana nalo. Ine ndiyenera kulonjeza kaye kuti dzina silituluka, ndipo lonjezolo ndimalisunga ngakhale mphunzitsi atafuna umboni wokwanira.

Zikalata zathu zilipo, kungoti sizili ku laibulale ya William Cullen ku Wits. Zili m'makope a mabungwe a maliro, amene timasonkhamo ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya thupi lake lipite kumudzi. M'menemo amalemba dzina, boma, mfumu yaikulu, mudzi, ndi kumene munthu ankakhala kuno. Ndapempha akuluakulu a bungwe lathu kuti andilole kuona makope akale, ndingotengamo maboma ochokera, madera okhala ndi zaka, popanda mayina. Amfumu a bungwe ati nkhaniyi aitula pamsonkhano wa kumapeto kwa mwezi, ndipo akavomera ndiziwerengera panyumba pa mlembi, makopewo osachoka pakhomo.